Buku lakale la zophikaphika losainidwa: musanatulutse ndalama, liyeseni

Tsiku la msika pa Mitundu kapena pa Nathenje, mabuku sakhala ndi shedi yawoyawo. Amayalidwa pa chisaka pansi, pafupi ndi makope ndi zolembera, ndipo ambiri amakhala a sukulu: la masamu la Fomu 3, dikishonale lothothoka chikuto, buku la nyimbo. Koma mwa apo ndi apo pamatulukira mlendo, buku la zophikaphika lofiirira ndi ukalamba. Venda wochenjera amalitsegula pa tsamba loyamba n'kuloza ndi chala: "Taonani apa bwana, mwini wake adasaina yekha. Ili lisiyane mtengo ndi enawa."

Apa m'pamene wogula amayamba kulimbana ndi mtima. Wamvapo kuti kunja mabuku osainidwa amagulidwa madola ambirimbiri, ndipo akuopa kusiya mwayi pa chisaka. Akuopanso kutaya ndalama ya feteleza pa mapepala okutira mandasi. Mantha onse awiriwo ali ndi chifukwa, koma pali njira yoyesera buku lotere munthu uli chiimire pamsika pomwepo. Amene waidziwa njirayo amazindikiranso chinthu chimene ambiri timachiphonya: buku lonenepa, lazithunzi zokongola, lochokera ku London kapena ku New York, kawirikawiri ndi lotchipa, pamene kabuku kopyapyala kosindikizidwa ku Zomba kapena ku Blantyre ndiko kosowa.

Adafika bwanji kuno?

Si zodabwitsa kuti mabuku otere amapezeka kumwera kwa Lilongwe. Sukulu ya zaulimi ya Bunda, pafupi ndi Mitundu, idayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ambiri mwa aphunzitsi ake oyamba adali ochokera kunja. Adabwera ndi mabanja, mapoto ndi mabuku awo. Pobwerera kwawo sadanyamule zonse: zina adagulitsa, zina adasiyira antchito. Sukuluyo yakhalanso ikuphunzitsa za kasamalidwe ka pakhomo ndi kadyedwe koyenera kwa zaka zambiri, mpaka lero pamene ili pansi pa yunivesite ya LUANAR kuyambira mu 2012.

Mukadutsa Nathenje kulowera ku Dedza, pa Kamphata pali msewu wopita ku Nkhoma, kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adakhazikika mu 1896. M'makhitchini a nyumba za mishoni mudaphikidwa zakudya zambiri zochokera m'mabuku, ndipo ophikawo adali anthu a m'midzi yozungulira. Onjezeranipo azibambo amene adakagwira ukhukhi ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Joni, kumene Amalawi adatchuka ndi luso la m'khitchini. Ena adabwerako ndi buku limene dona adawapatsa potsanzikana. Akamwalira madalawo, adzukulu amapeza bukulo m'sutikesi, n'kulipereka kwa venda pa mtengo wa sopo. Ena mwa mabukuwa amangobwera ndi katundu wa kaunjika, ndipo awa ndiye alibe mbiri iliyonse ndi dera lino.

Kudziwa njira zimenezi n'kofunika, chifukwa funso loyamba kwa wogulitsa liyenera kukhala lakuti, "Achimwene, bukuli mudalipeza kuti?" Yankho lomveka, lotchula banja kapena nyumba imene bukulo lidachokera, limawonjezera mtengo. Yankho lozembazemba likuchenjezeni.

Buku lanji, losindikizidwa liti?

Wogula ng'ombe samvera za mwini wake pa nkhani ya zaka. Amaitsegula pakamwa n'kuona mano. Mano a buku ali kuseri kwa tsamba la mutu, pamene pamalembedwa dzina la osindikiza, mzinda ndi chaka. Pamenepo mudzaona ngati bukulo ndi la ulendo woyamba kapena lidasindikizidwanso. Osonkhanitsa mabuku amalimbirana la ulendo woyamba. Enawo, ngakhale maphikidwe ake ndi omwewo, mtengo wake umatsika kwambiri.

Taganizirani buku lotchuka la ku America, Joy of Cooking. Mayi Irma Rombauer adalisindikiza ndi ndalama zawo mu 1931, makope 3,000 okha. Limodzi mwa amenewo ndi chuma lero. Koma kuchokera nthawi imeneyo bukulo lasindikizidwa mamiliyoni, ndipo mu 1998 adatulutsanso lina lofanana ndendende ndi loyambalo. Munthu wongoona 1931 pa tsamba, osawerenga zilembo zing'onozing'ono, angaganize kuti watola chikwama. Chimodzimodzi Kook en Geniet la S.J.A. de Villiers, limene lidatuluka ku South Africa mu 1951, kapena Indian Delights limene Zuleikha Mayat ndi amayi anzake a ku Durban adatulutsa mu 1961. Mabuku amenewa adalowa m'makhitchini osawerengeka, ndipo kuchuluka kwakeko n'kumene kumatsitsa mtengo wa makope ambiri.

Mabuku a kuno kwathu nthawi zina salemba chaka, koma mbiri ya dziko lathu imatithandiza. Buku lotchula Nyasaland monga dzina la dziko ndi la nthawi ya atsamunda, ufulu wa pa 6 Julaye 1964 usadabwere. Mtengo wosindikizidwa pachikuto m'masheleni ukutanthauza kuti lidatuluka kwacha ndi tambala zisadayambe mu 1971. Likamati Fort Johnston m'malo mwa Mangochi, kapena Port Herald m'malo mwa Nsanje, ndi lakale ndithu. Likamati Salisbury m'malo mwa Harare, ndiye kuti 1982 isadakwane. Likamatchula chinenero chathu kuti Chinyanja, mwina ndi la 1968 isadafike, chaka chimene dzina la Chichewa lidakhazikitsidwa kuno. Ndipo nambala ya ISBN idayamba kufala cha m'ma 1970, choncho buku lokhala nayo silingakhale la nthawi ya nkhondo ya Hitler, kaya venda alumbire motani.

Pakati pa mabuku a kwathu, limene wogula ayenera kulidziwa ndi The Malawi Cookbook, lolembedwa ndi Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker. Lidatuluka mu 1974 ndipo lidasindikizidwanso kangapo mpaka m'zaka za m'ma 1980. Lili m'Chingerezi, koma silidanyoze mphika wa kumudzi: muli kaphikidwe ka inswa, dziwala, mphalabungu, nkhululu ndi ana a njuchi, ndipo akatswiri a kunja ofufuza za tizilombo todyedwa akhala akulitchula m'zolemba zawo. Lina ndi Useful Plants of Nyasaland la Jessie Williamson, losindikizidwa ndi boma ku Zomba m'ma 1950, limene pambuyo pake lidakonzedwanso n'kukhala Useful Plants of Malawi. Ili si la zophikaphika kwenikweni, koma mayiyo, amene adagwira nawo ntchito ya kafukufuku wa zakudya woyamba mu 1938 motsogozedwa ndi B.S. Platt, adalemba maina a zomera m'zinenero zathu komanso mmene amayi ankaphikira masamba ake. Mukakumana ndi limodzi mwa mabuku awiriwa pa chisaka, musafulumire kudutsa.

Dzanja la ndani?

Dzina lolembedwa pamanja pa tsamba loyamba likhoza kukhala la anthu osiyanasiyana, ndipo venda amangoti onsewo ndi siginecha. Choyamba, yerekezani dzinalo ndi la mlembi pachikuto. Nthawi zambiri mudzapeza kuti ndi la mwini buku chabe, mphunzitsi kapena dona amene adalemba dzina lake poopa obwereka osabweza. Dzina lotere siliwonjezera mtengo, pokhapokha mwiniyo akhale munthu wodziwika m'mbiri.

Likakhala dzina la mlembi, yang'anitsitsani ngati ndi inki yeniyeni. Osindikiza ena amaika siginecha ya mlembi pansi pa mawu oyamba m'makope onse. Pendeketsani tsambalo padzuwa. Siginecha yosindikizidwa imakhala yosalala ndi yakuda mofanana ndi zilembo zina zonse. Ya dzanja imasintha: pena inki yachuluka, pena yachepa, ndipo pamene mizere iwiri yadutsana pamaoneka. Kenaka tembenuzani tsambalo ndi kuyendetsa chala kuseri kwake. Bolopeni imasiya kamzere kotukuka komwe chala chimakamva, ndipo peni ya inki ya kale imalowerera pang'ono m'pepala, n'kufiirira ndi zaka.

Cholemberacho chimaululanso bodza. Bolopeni idayamba kugulitsidwa m'masitolo cha m'ma 1945. Isabella Beeton, mlembi wa buku lotchuka la ku England la 1861 la kasamalidwe ka pakhomo, adamwalira mu 1865 ali ndi zaka 28, koma mabuku a dzina lake adapitirira kutuluka kwa zaka zoposa 100. Choncho buku la Mrs Beeton losainidwa ndi bolopeni ndi chinyengo choonekeratu. Lamulo lake n'losavuta: fufuzani chaka chimene mlembi adamwalira, muchiyerekeze ndi chaka cha bukulo. Rombauer adamwalira mu 1962, ndiye sangasaine buku la 1975.

Ngati muli ndi foni ya intaneti, funani zithunzi za siginecha ya mlembiyo n'kuziika pambali pa tsambalo. Munthu wosaina dzina lake amathamangitsa dzanja. Wokopera amayenda pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera, n'kumaima pakati pa chilembo. Kumbukiraninso kuti buku la alembi atatu, monga The Malawi Cookbook, lingakhale ndi dzina la mmodzi yekha kapena la onse, ndipo la maina onse atatu ndilo losowa.

Komabe siginecha yeniyeni si chitsimikizo cha chuma. Ophika otchuka a pa kanema a masiku ano amasaina makope masauzande m'masitolo a mabuku, moti dzina lawo limawonjezera pang'ono chabe. Zimasiyana ndi Mastering the Art of French Cooking la Julia Child ndi anzake awiri, Simone Beck ndi Louisette Bertholle: kope la ulendo woyamba wa 1961, losamalika ndi losainidwa, limatchulidwa madola masauzande. Chimene chimakweza mtengo ndi kukumana kwa zinthu zitatu, buku lofunidwa, kope losowa ndi dzanja lotsimikizika. Chimodzi chikasowa, mtengo umagwa.

Thupi la buku

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Buku la zophikaphika limakhalira m'khitchini, ndipo khitchini ya kwathu ili ndi utsi, mwaye ndi mafuta. M'nyumba muli chiswe, mphemvu, makoswe ndi denga lodontha. Litengeni bukulo m'manja, mulinunkhize. Fungo la chuku likutanthauza kuti lidanyowapo, ndipo chukucho chikhoza kufalikira ku mabuku anu ena. Yang'anani kumsana kwake, kumene chiswe chimakonda kuyambira: timabowo ting'onoting'ono ndi dothi louma pakati pa masamba ndi umboni. Werengani manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto, makamaka a pakati ndi a mlozera wa kumapeto, amene amathothoka msanga kapena kung'ambidwa ndi wofuna kupichirira fodya. Mabuku opyapyala a kuno ambiri adamangidwa ndi timawaya, ndipo dzimbiri lake limadya pepala. Selotepi yakale imasiya banga lachikasu losachoka.

Kwa osonkhanitsa mabuku a kunja, chilema chilichonse chimadula mtengo, ndipo buku lotaya pepala lokutira chikuto chake limatsika kwambiri. Buku losowa tsamba, kwa iwo, ndi ngati latha ntchito.

Pali chizindikiro china choyenera kuchilemekeza: chidindo cha laibulale. Buku lokhala ndi chidindo cha sukulu, cha koleji kapena cha National Library Service, popanda china chonena kuti eni ake adalichotsa okha m'kaundula, mwina lidabedwa kapena wina sadabweze. Kuligula n'kulimbikitsa kukhuthula mashelefu amene ana athu akuwadalira. Lisiyeni, kapena muligule ndi cholinga chokalibweza kumene lidachokera.

Mtengo wa pa foni

Masiku ano wogulitsa ndi wogula onse ali ndi foni, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika. Munthu amalemba dzina la buku, n'kuona pa misika ya pa intaneti monga AbeBooks kapena eBay mtengo wa madola, n'kuuchulukitsa ndi kwacha, mutu n'kuzungulira. Kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse imaoneka ngati phiri.

Koma mtengo umene mukuuonawo ndi umene wogulitsa akufuna, osati umene wina walipira. Buku likhoza kukhala pamenepo zaka osapeza wogula. Pa eBay pali posankha kuti muone zinthu zimene zidagulidwa kale, ndipo mitengo ya pamenepo ndiyo yoona. Yerekezaninso zofanana: ulendo womwewo wa kusindikiza, thupi lofanana, losainidwa kapena ayi. Mukaona makope makumi angapo a buku lomwelo akudikira ogula, dziwani kuti si losowa, ndipo mtengo wotsikitsitsa ndiwo uli pafupi ndi choonadi.

Kenaka dzifunseni funso limene foni siyankha: ndani adzagule bukuli kwa ine? Wogula wa madola ali ku Ulaya kapena ku America. Kuti bukulo limufike pafunika mtengo wotumizira, umene nthawi zambiri umaposa wa bukulo, njira yolandirira ndalama zakunja, komanso kuti munthu wosakudziwani akhulupirire siginecha imene waiona pa chithunzi chokha. Ogulitsa mabuku akale nawonso sagula pa mtengo umene amagulitsira. Amafuna phindu lawo. Kuno kwathu ofuna mabuku akale a Malawi alipo, ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Blantyre, koma ndi ochepa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wogula buku pa Nathenje ndi maloto a madola a ku New York akuika ndalama yeniyeni pa malonda a m'maganizo.

Nzeru yake ndi iyi: lipirani ndalama imene simungadandaule nayo ngakhale bukulo litakhala lanu mpaka kalekale. Nenererani poyera, mukuloza zimene mwaona, tsamba losowa, chiswe, chaka. Koma chilungamo chiyende mbali zonse. Mukazindikira kuti mayi wamasiye akukugulitsani buku losowa pa mtengo wa mulu wa tomato chifukwa sakudziwa, muuzeni ndi kumulipira moyenera. Kudziwa kwanu kusakhale msampha wa mnzanu.

Mtengo umene msika sutha kuwerenga

Pali muyeso wina umene osonkhanitsa a kunja saulabadira, koma kwa ife ndi waukulu: kodi bukuli lingaphikidwe kuno? Buku lofuna tchizi cha mitundu itatu, vinyo ndi uvuni yamagetsi yoyezedwa kutentha silithandiza mayi wophika chigumu pa mbaula, makala ena ataika pamwamba pa chivundikiro. Mabuku akale amayezanso m'maaunsi, mapaundi ndi mapainti, pamene ife tidazolowera makilogalamu, malita ndi kapu. Koma buku lodziwa mgaiwa, nsinjiro, chinangwa, mawungu, usipa ndi mfutso limagwira ntchito tsiku lomwelo, kaya lasainidwa kaya ayi.

Ndipo apa zolemba za pamanja zimasanduka chuma cha mtundu wina. Tsegulani buku limene khukhi wakale adagwiritsa ntchito zaka zambiri. Lokha limatseguka pa tsamba limene ankalikonda, pamene pali mabanga a mafuta ndi chidindo cha chala cha ufa. M'mphepete, ndi pensulo yofufutika, mupeza adalemba m'Chichewa kuti shuga achepe, kapena kuti batala akasowa nsinjiro zimalowa m'malo, kapena adasandutsa maaunsi kukhala masipuni. Kwa wamalonda wa ku London zimenezi ndi zodetsa buku. Kwa ife ndi umboni wa nzeru za anthu amene adadyetsa mabwana, amishoni ndi alendo kwa zaka zambiri, koma maina awo sadalembedwe pachikuto cha buku lililonse. Ine ndimaona kuti dzanja limeneli n'loyenera ulemu woposa wa siginecha ya munthu wotchuka amene sadaponde m'dziko muno.

N'chimodzimodzi ndi timabuku ndi mapepala a makina olembera amene alangizi a zapakhomo, amayi a Chigwirizano ndi magulu ena a mipingo ankagawana pophunzitsana kuphika. Adasindikizidwa ochepa, pa pepala losalimba, ndipo ambiri adatha. Pa intaneti simudzawapeza, choncho foni idzakuuzani kuti alibe mtengo. Zoona zake n'zakuti alibe wowatchulira mtengo, chifukwa mwina kope limene lili m'manja mwanu ndi limodzi mwa otsala owerengeka. M'menemo mungakhale kaphikidwe ka luni, chisoso, denje, bonongwe ndi therere la chidulo monga ankaphikira agogo athu, zakudya zimene akatswiri a kadyedwe akutilimbikitsa kubwererako lero. Pamene akatswiri a ku LUANAR ndi anzawo adatulutsa kaundula wa michere ya m'zakudya za Malawi mu 2019, adaonetsa kuti chakudya chathu n'choyenera kulembedwa mosamala. Mabuku akalewa ndi chiyambi cha ntchito yomweyo.

Choncho mukagula buku lotere, kapena mukalipeza m'sutikesi ya malemu agogo, lisungeni pouma, patali ndi khoma ndi utsi, ndipo musalimate ndi selotepi. Lembani pa pepala lapadera, osati m'bukumo, dzina la mwini wake, kumene adagwira ntchito ndi mmene lidafikira kwa inu, chifukwa mbiri imeneyo ndi gawo la mtengo wake. Jambulani masamba ake ndi foni. Ngati ndi la kuno kwathu ndipo likuoneka losowa, kalionetseni kwa oyang'anira laibulale ya ku Bunda, ku National Archives ku Zomba, kumene lamulo limafuna kuti mabuku osindikizidwa m'dziko muno azisungidwa, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Iwo angakuuzeni ngati ali nalo kale kapena ayi, ndipo yankho limenelo ndi muyeso wa kusowa kwake wodalirika kuposa mawu a venda kapena mtengo wa pa foni.

Mabuku a ku Ulaya ali ndi owasamala ambiri, ndipo limodzi likadyedwa ndi chiswe pa Mitundu, dziko silitaya kanthu. Athu alibe wina wowayang'anira koma ife. Amene waphunzira kuwerenga chaka, kuyesa inki ndi kuwerenga masamba sadzaberedwa pamsika, komanso adzadziwa buku loyenera kulipulumutsa lisanathere kwa wogulitsa mandasi.